Lole Imene Sinasambe Maliro

Madzulo aliwonse a Elizabeth ankatsikira kudambo katatu. Mtsuko woyamba unali wophikira, wachiwiri wosamba amuna awo, wachitatu wa lole. Wachitatuwo ankautula pansi pa mkuyu, ndipo amuna awowo, a Josephat Kwenda, ankatsegula pakamwa pa rediyeta n'kukhuthuliramo madzi onse, kenako n'kugunditsa khutu pachitsulo ngati munthu womvera mimba ya ng'ombe yodwala. Lole yake yosasuntha ngakhale phazi limodzi, koma ludzu ngati yachokera ku Lusaka.

A Josephat anali mkamwini pamudzi wa Kaphinde, ulendo wa maola atatu wapansi kuchoka pa Sinda. Anatha zaka khumi ndi chimodzi ku Wankie, m'galaja ya mgodi wa malasha, akupatsira mzungu masipanala. Anzawo anabwerako ndi njinga, ena masuti, ena galamafoni. Iwo anabwerako ndi bokosi la zitsulo ndi nthenda ya injini m'mutu. M'chaka cha 1957, anthu atangokolola, anagula kwa mmwenye wina wa pa Katete chilole chotsala ku nkhondo yaikulu ija, chimene chinagona kuseri kwa sitolo mpaka udzu kumera pampando. Chinafika pamudzi chikukokedwa ndi ng'ombe zisanu ndi zitatu, masiku awiri panjira.

A Yosefe, atsibweni a Elizabeth, eni mbumba pamudzipo, anachizungulira kamodzi, manja kumbuyo.

"Akamwini ena amabwera ndi khasu," anatero. "Athuwa atibweretsera khola la nkhuku la matayala."

"Idzayenda, atsibweni."

"Idzayenda, inde. Ngakhale chulu chimayenda, munthu ukamwa wokwanira."

A Josephat anangobwerera ku lole yawo, paja mkamwini sawiringula. M'mawa ankalima munda wa apongozi, dzuwa likapendeka n'kulowa kunsi kwa lole. Anamasula injini yonse n'kuyala zitsulo pamphasa, chilichonse pamalo pake, n'kumazitsuka ndi palafini chimodzichimodzi. Lamba wa fani anapota ndi chikopa cha ng'ombe. Rediyeta yodontha anaidyetsa ufa wa mgaiwa, poti ufa ukafufuma umatseka timabowo. Kumbuyo anakhoma bodi ya matabwa a mlombwa, ocheka okha ndi sowo, yokhala ndi mabenchi awiri ochotseka, kuti lero inyamule mtedza, mawa anthu. Padenga anaikapo malipenga awiri a hutala. Kalilole wa a Elizabeth anasowa m'nyumba, n'kupezeka atamangidwa ndi waya pambali pa chitseko cha dalaivala.

Pamwamba pa galasi lakutsogolo analembapo ndi penti yoyera dzina la mwana wawo: DINNAH. Mwanayo anali wa zaka zisanu ndi chimodzi, mmodzi yekhayo wotsala, poti awiri oyamba anapita ali makanda. Dzinalo analilemba masiku atatu, chifukwa ma N aja ankangowatembenukira.

Zonse zinatheka kupatula chimodzi. Injini inakana kulira. Moto unkafika kumapulagi, petulo ankatsika bwinobwino, batire anakalidzazitsa moto ku Katete atalisenza pamutu. Koma akapukusa handulo kutsogolo kuja, lole inkangoti khofu, khofu, n'kuti zii. Chaka chathunthu ndi miyezi inayi. Nkhuku zinaikira pampando monga ananenera a Yosefe, ndipo mazirawo ankadzatola ndi a Yosefe omwewo, ati mkuyuwo anabzala ndi amayi awo.

Tsiku lina la Okutobala, kutentha kuja kumene ngakhale agalu amasiya kuuwa, a Josephat anali atapaka lole yonse penti yobiriwira dzana lake. Anagwira handulo mwachizolowezi chabe, monga lilime limapitira lokha padzino lobooka. Anapukusa kamodzi. Injini inalira.

Sinakhosomole, sinanjenjemere. Inangoyamba kung'ung'udza mofatsa ngati njuchi zili m'mphako. Nkhuku zinabalalika, amayi anasiya mitondo, a Josephat anangoti kakasi, handulo ili m'manja. Asanaseke n'komwe, munthu wa njinga analowa pamudzi thukuta lili kamukamu, n'kukagwada kwa a Yosefe. Mlongo wawo wa a Yosefe, mayi aang'ono ake a Elizabeth, amene anagonekedwa kuchipatala cha mishoni masabata awiri, anali atatisiya m'mawa womwewo. Kuchipatalako unali ulendo wa tsiku lathunthu wapansi.

A Yosefe anayang'ana lole ikulira, anayang'ana mkamwini.

"Akamwini, mwaona mmene Mulungu amakonzera zinthu?"

Anapita, n'kubwerako dzuwa lisanalowe, maliro ali m'mphasa pakati pa mabenchi. Njira yonse lole sinadandaule ngakhale pachitunda.

Tsono kwathu kuno maliro sagwiridwa ndi eni ake. Amagwira ndi adzukulu, anthu a mbumba ina, amene amasambitsa mtembo, kukumba manda, ndi kunyogodola anamfedwa kuti misozi isawaphe. Akakwirira, chithatha chonyamulira chija amachithyolera pamtumbira, iwo n'kutsikira kumtsinje kukasamba mankhwala, iwo pamodzi ndi makasu awo. Chilichonse chimene chakhudza maliro chisambe tsiku lomwelo. Chikagona chosasamba chimazolowera ntchitoyo.

Mkulu wa adzukulu anali a Dominic a kutsidya kwa dambo, munthu wojintcha, wa mano atatu, wopanda manyazi. Pochoka kumtsinje anabwera ndi chidebe cha madzi akuda bii, a phulusa ndi mizu yosinja, ndi nthambi yowazira.

"A Kwenda, mdzukulu mnzathuyu sanasambe."

"Uti?"

"Wobiriwirayu. Wanyamula kuposa tonsefe. Asambe, timpatsenso nkhuku yake. Ndimudyera ine, poti alibe mano."

"Inu muli nawo angati?" anakuwa mayi wina, anthu n'kuseka ngakhale kunali kumaliro.

A Josephat sanaseke. Anaima kutsogolo kwa lole manja atatambasula.

"Penti sinaume, a Dominic. Phulusa lidya penti."

"Tingowaza pang'ono."

"Chitini chimodzi chomwecho ndinachipeza ku Fort Jameson. Ikauma mudzawaze mmene mungafunire. Ndiponso chitsulo sichigwidwa ndi maliro."

"Nanga khasu ndi dzungu?"

A Dominic anawayang'ana kanthawi, mano atatu aja atabisala. Anakhuthulira madziwo pansi n'kupita kukadya.

M'mawa mwake lole inakana. Mkucha wake inakana. A Josephat anamasula kabuleta n'kuipemerera ndi bango, anapala mapulagi ndi mchenga, anasuntha nthawi ya moto pang'onopang'ono, kutsogolo ndi kumbuyo, akulemba timizere ndi makala kuti asasokere. Khofu, khofu, zii. Matumba a mtedza amene anawasungira ulendo wa ku Katete anayamba kudyedwa ndi makoswe.

Patapita masabata asanu ndi awiri, mvula yoyamba itagwa, anapukusa m'mawa wina nkhuku zitangotsika. Inalira.

"Amake Dinnah! Matumba! Thamangani!"

Anakweza thumba loyamba. Litangogunda matabwa, injini inazima. Analitsitsa kuti aone chavuta, n'kupukusanso, inalira. Anakwezanso, inazima. Anatsitsanso, inalira. Apa mpamene a Josephat anamva fungo. Utsi wotuluka kumbuyo sunali kununkha petulo. Unali kununkha dothi lofukula kumene, lija la pansi penipeni, lofiira, lozizira. Ataweramira pamasipiring'i akumbuyo anaona atatsika, ngati m'bodi mwagona munthu wamkulu. M'bodimo munalibe kanthu, mabenchi okha.

A Elizabeth anagwira mkono wa amuna awo.

"Mwamva?"

"Ndi dothi la mvula."

"Si fungo. Tamverani kumunda."

Kumunda kunali mfuu. Bambo wina woluka nkhokwe, mkamwini mnzawo, munthu woti dzulo lake anasenza mtanda yekha, anali atagwa chafufumimba khasu lili m'manja. Kwawo kunali cha ku Mkaika, ndipo abale ake anafuna akagone kwawo. Lole inali chiimire pamkuyu ikulira, ikudikira. Anthu anayang'anana, koma Mkaika ndi kutali, ndipo mtembo wa nthawi ya mvula sudikira. Anakweza. Injini sinazime.

Ulendo uno a Josephat anakatunga okha madzi. A Dominic anawaza lole yonse, matayala, mabenchi, ngakhale malipenga a hutala. Penti sinasinthe ngakhale pang'ono.

"Tathana nazo?" anafunsa a Josephat.

"Tasambitsa alerowa," anatero a Dominic akupukuta manja pamimba. "Oyamba aja akali momwemo. Madzi a maliro sagonera, achimwene. Ine ndinanena, inu munali ndi penti."

Kuyambira pamenepo njira ya pamkuyu inamera udzu. Amayi opita kudambo ankazungulira kuseri kwa makola. Ena ankati loleyo inali ya banyama, anthu aja ankamveka zaka zimenezo kuti amagwira apaulendo n'kuwapopa magazi, ndipo yangobwerera ku ntchito yake. Ena ankati mkamwini anaphunzira ku Wankie kuti injini yokalamba imadzuka ndi mpweya wa munthu. Ena, motsitsa mawu, ankati taonani mmene akunenepera a Dominic, nkhuku yamaliro ndi yokoma. Koma akuluakulu ankanena zina. Ankati mfiti ilipo pamudzi pompano kuyambira kale, inkavutika ndi kusenza, tsono yapeza chonyamulira chosasamba chili chiimire, chopanda mwini wanzeru. Mfitiyo ndani, aliyense anali ndi dzina lake m'kamwa, ndipo mayinawo sankafanana.

A Elizabeth anasiya kutunga mtsuko wachitatu. Patapita sabata a Josephat anatsegula rediyeta n'kupisamo chala. Inali yodzaza mpaka pakamwa, madzi ake ozizira ngati a pachitsime.

Munthu wanzeru akanaitaya handulo m'chimbudzi. A Josephat analumbira pamaso pa akazi awo kuti sadzaigwiranso, ndipo anasunga lumbirolo masiku asanu ndi anayi. Chimene chinkawadya n'chakuti sankadziwa: kodi lole imapha, kapena imangomva msanga? Ngati imangomva, iwo alibe mlandu. Ngati imapha, ndiye kuti dzanja lopukusa ndi lawo. Makaniko sagona ndi funso lotere. Masana, anthu onse ali kumunda kukapalira, ankabwerera mozemba n'kupukusa kamodzi kokha. Khofu, zii. Mtima unkakhala pansi. Koma pansi pa mtimawo panali kanthu kena kakang'ono kokhumudwa, ndipo kanthu kameneko sanakaululire munthu.

Anatero masiku makumi anayi. La makumi anayi ndi limodzi, inalira.

Anathamanga kudutsa dambo madzi akulekeza m'mawondo, n'kukawapeza a Dominic akusosola mbalame.

"Yalira."

A Dominic anaika mbalame pansi. "Wadwala ndani?"

"Palibe."

"Munaipukusiranji?"

"A Dominic, ndithandizeni."

Pali nzeru imene adzukulu amaidziwa. Manda akakumbidwa, wodwala n'kutsitsimuka, dzenjelo salikwirira lopanda kanthu, amagonekamo thunthu la nthochi kuti dothi likhute. A Dominic anadula thunthu lalitali ngati munthu, analikulunga m'mphasa, analimanga malo atatu monga amamangira maliro. Analikweza mwaulemu, a Dominic akuliriza pang'ono kuti zioneke zenizeni.

"Mayo ine, nthochi, mwatisiya ndi yani! Lirani nanunso, a Kwenda, ndi m'bale wanu."

Injini sinazime. Anayenda mpaka m'mphepete mwa manda, anakumba, anagoneka, anakwirira, n'kubwerera. Atafika pamkuyu lole inazima yokha. Anakhala pansi n'kumvetsera. Kumunda kunali chete. Kumakomo kunali chete, mitondo yokha. Dzuwa linapendeka, a Dominic n'kuyamba kudzitama.

"Imfa ndi mbuli, achimwene. Sinapite kusukulu, ngati ine."

Mbuzi zikubwerera kukhola, a Josephat anakwera pamatayala kuti atseke chitseko cha bodi. Thunthu lija linali m'katimo. Linagona pakati pa mabenchi, dothi lofiira likali lonyowa pamakungwa ake. Mphasa inali pambali pake, yopindidwa bwinobwino, zingwe zitatu zija zitaikidwa pamwamba.

"A Dominic."

"Ee?"

"Tabwerani."

A Dominic anasuzumira. Ali chisuzumire, handulo ili pansi poteropo, injini inalira yokha, ndipo kunyumba yachitatu kuchoka pamkuyu kunabuka mfuu. Mtsikana wina wongokwatiwa chaka chomwecho anali akusefa ufa, anangotsamira khoma n'kutsinzina.

Atatha maliro amenewo a Yosefe anaitana mkamwini pakhonde. Sanakalipe. Analankhula akuyang'ana zala za kumapazi kwawo.

"Mukolole, akamwini, poti munalima. Mukakolola muzipita kwanu ndi chitsulo chanu. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mwana ndi wathu, atsala."

"Ndamva, atsibweni."

"Simufunsa kanthu?"

"Ayi."

Zoona sanafunse. China chake chinali chitazima m'kati mwawo. Ankadya chimene apatsidwa osadziwa kuti n'chiyani. Ankalima mzere mpaka kumapeto n'kuima pomwepo mpaka wina awakumbutse kutembenuka. Tsiku lina anatenga phale la botolo n'kukwera pa boneti, n'kupala dzina la mwana lija mpaka penti yoyera ndi yobiriwira yomwe zinatha, kutsala chitsulo. Atatsika n'kuyang'ana, dzinalo linali kuwerengeka bwino kuposa kale, lowala pachitsulo chopalidwa. Analiyang'ana monga munthu amayang'anira mvula ya kutsidya, n'kukasamba m'manja.

Chimanga chili pafupi kuuma, Dinnah anadwala. Anayamba ndi mutu, tsiku lachiwiri thupi moto, lachitatu khosi linauma, osatha kuweramitsa chibwano. Maso ankayang'ana denga. Mankhwala a mizu ankangobwerera. M'mawa wa tsiku lachinayi a Elizabeth anatuluka m'nyumba n'kupeza amuna awo ataima kutsogolo kwa lole, handulo ili m'manja.

Pa lole, kuchipatala kunali maola awiri. Wapansi, tsiku lathunthu, ndipo mwanayo sankaoneka ngati ali ndi tsiku lathunthu.

"Atate a Dinnah."

"Ndikudziwa."

"Ikakana, tataya nthawi."

"Ee."

"Ikalira?"

A Josephat anayang'ana bowo lolowetsa handulo nthawi yaitali. Kenako anaiponya handuloyo padenga la khola. Anatenga sipanala n'kumasula mapulagi onse asanu ndi limodzi, n'kuwaika m'thumba la kabudula. Anatsegula kunsi, oilo yense n'kutayikira m'dothi. Anadula lamba wa fani ndi mpeni. Anakweza lole ndi jeke mbali imodzimodzi, anaigoneka pazipika, anagulula matayala onse n'kuwagubuduzira kudzala. Ntchito ya chaka ndi miyezi anaiphwasula nthawi yosakwana kuwiritsa mbatata. Manja ankagwira okha.

Njinga pamudzipo zinalipo ziwiri. Mwini wa yoyamba anati tayala laphwa. Mwini wa yachiwiri sanatsegule chitseko. A Josephat anatenga nsalu ya akazi awo n'kubereka mwanayo kumbuyo ngati mayi, ndipo palibe anaseka. Ananyamuka, a Elizabeth ali pambuyo ndi chipanda cha madzi.

Anadutsa minda, anadutsa midzi iwiri, n'kulowa m'tchire la misuku mmene msewu wa ngolo umayenda wokha popanda nyumba. Mwanayo ankatentha pamsana ngati mbaula. Mpweya wake unkagunda pakhosi pa bambo ake, ndipo a Josephat ankayenda akuumvera mmene ankamverera injini: wafika, wafika, wachedwa, wafika. Mapulagi ankalira m'thumba pa phazi lililonse.

Dzuwa lili paliwombo, a Elizabeth anaima.

"Kukubwera galimoto."

"Muno simudutsa galimoto."

"Tamverani."

Anali atamva kale. Kutali kumbuyo, kumene anachokera, kunali kung'ung'udza kofatsa, kosafulumira. A Josephat anapisa dzanja m'thumba n'kuwerenga ndi zala. Asanu ndi limodzi.

"Tiyeni," anatero.

Sanathamange. Munthu suthamanga ndi mwana wouma khosi. Phokosolo linakula pang'onopang'ono, fungo la dothi lofukula n'kuwapitirira lisanafike. Anapatukira m'mbali. Lole ija inadutsa mwaulemu, yobiriwira, matayala onse ali m'malo, malipenga awiri padenga. Magalasi anali fumbi lokhalokha, osaona amene wakhala pachiwongolero, kaya analipo. Inayenda mapazi makumi awiri, inaima. Chitseko cha bodi chinagwa chokha, phaa.

A Elizabeth anayamba Atate Wathu, koma mawu anawathera pa "ufumu wanu". A Josephat anaimirira n'kumvetsera. Zaka khumi ndi chimodzi ku Wankie sanamvepo injini yoyenda chonchi. Panalibe kuphonya, panalibe kugogoda, moto unkafika pa nthawi yake yeniyeni. Anaona kuti akugwedeza mutu movomereza, ndipo anasiya.

Anailambalala, osayang'ana m'bodi. Atayenda pang'ono inawatsatira, inawadutsa, inaima. Phaa. Analambalalanso. Inawadutsanso. Sinali kuopseza. Inali ngati mdzukulu wakhala pakhomo la wodwala, fodya ali m'manja, wosafulumira chifukwa akudziwa kuti aitanidwa.

Pamsana paja mpweya unasintha. Wafika. Wachedwa. Wachedwa. Wafika pang'ono.

Kachitatu, a Josephat anaima kumbuyo kwa lole n'kuweramira pamasipiring'i. Anali asanatsike. Lole inali isanalemedwe ndi munthu aliyense. Mtedza inakana, nthochi inabweza, koma dzina la wokwera inali isanafunsepo ndi kale lonse.

Anamasula nsalu.

"Amake Dinnah, tembenukani."

"Mukutani?"

"Mubereke. Gwirani mutu, khosi lisapindike."

Anamangirira mwanayo kumsana kwa mayi ake, anakoka mfundo kawiri. Anatenga chipanda, ananyowetsa chala n'kupaka pamilomo ya mwana. Anatulutsa mapulagi aja m'thumba, anawayang'ana ngati sakudziwa kuti ndi a yani, n'kuwaika pansi m'mbali mwa msewu, mondandalika.

"Mukafika pamtsinje wouma mutenge njira ya kumanja, ndi yachidule. Musapume pamthunzi."

"Atate a Dinnah, musatero."

"Siipita yopanda kanthu. Mwaona nokha."

"Nanga ikakubwezani ngati nthochi?"

"Ndiye mukhala mutafika patali. Kazipitani. Musacheuke."

Anaponda pachitsulo n'kukwera. Matabwa a mlombwa aja anali ozizira ngakhale dzuwa linali pamutu. Anaona pamene sowo inapotoka tsiku lina n'kusiya mzere, anakumbuka kuti ankati adzapala. Anagona chagada pakati pa mabenchi, mapazi pamodzi, manja m'mbali. Pansi pawo anamva masipiring'i akutsika pang'onopang'ono, mpaka anakhazikika. Sanamve mantha. Anangoona kuti kumwamba kulibe mtambo. Chitseko cha bodi chinadzitseka, giya inalowa popanda kukukuta.

A Elizabeth sanacheuke. Anamva lole ikutembenuka kumbuyo kwawo, pamsewu wopapatiza woti ngakhale ngolo siitembenuka, phokoso n'kumachepa kulowera kumudzi. Lisanazimirire n'komwe, mwana anakoka mpweya wautali n'kulira, kulira kwenikweni kwa mwana, koyamba m'masiku awiri. Anafika kuchipatala dzuwa likulowa, mapazi akutuluka magazi. Masisitere anamubaya jakisoni, anagona masabata atatu, anachira. Khutu limodzi lokha ndi limene linatseka.

Kumudzi, amayi amene anasinja tsiku lonse moyang'anana ndi mkuyu analumbira kuti lole sinasunthe. Inali pazipika pomwepo, matayala ali kudzala, nkhuku zikupala pansi pake. Koma chakumadzulo fungo linakula mpaka anthu kutseka mphuno, ndipo a Yosefe anatuma munthu kukaitana a Dominic, poti panalibe wina wolimba mtima kusuzumira.

A Dominic anakwera pachipika, mudzi wonse utaima chapatali. Anayang'ana m'bodi nthawi yaitali.

A Josephat anali atagona mowongoka, ozizira. Thupi linali losambitsidwa, oilo yense wa m'zikhadabo atachotsedwa, chinthu chimene a Elizabeth analephera zaka zonse za ukwati. Maso anali otsekedwa bwino. Chibwano chinali chomangidwa ndi kansalu koyera, mfundo ili pamwamba pamutu, zala zazikulu za kumapazi zomangidwa pamodzi, zonse monga mwa mwambo.

"Ali momwemo?" anafunsa a Yosefe.

"Ali momwemo. Okonzakonza."

"Wakonza ndani? Inu?"

A Dominic anagwira mfundo ija ndi chala, anaiyesa kulimba kwake. Anatsika pang'onopang'ono, n'kupukuta chalacho paudzu.

"Ine ndinali kwathu, anthu anandiona. Koma ntchitoyi ndi ya munthu wodziwa. Si mzimu uwu, mzimu sung'amba nsalu ndi mano." Anayang'ana khamu lija, kuyambira kumanzere mpaka kumanja. "Wakonzayo manja ake akali onyowa."

Panali anthu oposa makumi asanu pamenepo, amuna ndi akazi, akumpingo ndi akumowa, ndi a Yosefe omwe. Palibe anayang'ana mnzake. Mmodzimmodzi, mwakachetechete, aliyense anabisa manja ake kumbuyo.